Phulusa la boyila likugwera pa ufa wa anthu: tiike sefa yanji pa chumuni?

Che Yusufu:
Akuluakulu nonse muno, ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Tili ndi kafakitale koyenga mafuta a mpendadzuwa ndi a mtedza cha kwa Mpondasi ku Mangochi, ndipo nthunzi timaitenga ku boyila yotulutsa matani 2 pa ola. Kale tinkasonkhezera nkhuni, koma tinasiya poona kuti zakwera mtengo ndipo mapiri athu ayera. Pano timawotcha mankhusu a mpunga ochokera m'zigayo, pafupifupi theka la tani pa ola, nthawi zina kusakaniza ndi makoko a mtedza. Ndalama zikupulumuka ndithu, koma chumuni chikulavula phulusa. Lachiwiri m'mawa kunabwera mayi wina wachikulire atasenza lichero la ufa woyera womwe anayanika pamkeka, n'kuliika patebulo langa osalankhula kanthu. Pamwamba ponse panali timadontho takuda ngati mbewu za bonongwe, tina totuwa tosongoka. Manyazi anandigwira. Amfumu nawo anditumizira mthenga. Ogulitsa makina andipatsa mitengo ya zinthu zitatu: multicyclone (yokola fumbi pozunguliritsa utsi), sefa ya matumba a nsalu ndi ESP (yokola fumbi ndi mphamvu ya magetsi). Wina akuti ingoikani yowaza madzi mu utsi. Ndigule iti?

Abiti Mussa:
Che Yusufu, mwachita bwino kuitulutsa nokha nkhaniyi. Ine ndimayanika usipa pathandala chakumpoto kwa fakitale yanu. Mwera ukayamba mu Juni, utsi wonse umabwera kwathu. Usipa wothimbirira ku Limbe amaugula motchipa, amati wagwa pansi. Zovala za ana zoyera ndinasiya kuyanika panja.

Che Yusufu:
Pepani kwambiri achemwali. Sindikufuna kuti mwera wa chaka chino utipeze tili chomwechi.

A Gondwe:
Bwana Yusufu, ndagwira ntchito ya maboyila owotcha zinyalala za nzimbe zaka zambiri ndisanapume, ndiye loleni ndiyambe ndi mafunso ndisanatchule sefa. Zomwe zimatuluka pa chumuni zili mitundu iwiri, ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Pali phulusa louluka, lomwe ndi zotsala za mankhusu omwe apsa. Palinso mwaye ndi phula, zomwe ndi chakudya cha moto chomwe sichinapse bwino. Tengani timadontho tija mutikitize pa zala. Tikakhala tokhakhala ngati mchenga, ndi phulusa. Tikapaka zala zanu zakuda zonona ngati kunsi kwa mphika, ndi mwaye. Ndiye mundiuze: utsi umada nthawi zonse kapena nthawi zina? Mankhusu mumasunga pati? Utsi ukamatuluka mu boyila umatentha madigiri angati?

Che Bwanali:
Madala, poti wosonkhezera boyilayo ndine, ndiyankhe ndine. Utsi umada kwambiri m'mawa poyatsa, komanso presha ikatsika n'kuthira mafosholo ambiri nthawi imodzi. Pamenepo umatuluka wakuda bii kwa mphindi zingapo, kenako umayera. Mankhusu ali pabwalo, tinangofunditsa lona, ndipo nthawi ya mvula apansi amanyowa. Geji ya pa chumuni imasewera pakati pa 190 ndi 230.

A Gondwe:
Zikomo Che Bwanali ponena zoona. Ndiye theka la vutoli lili pakhomo la ng'anjo, sefa isanafike n'komwe. Mukathira mankhusu ambiri nthawi imodzi mumaphimba moto, mpweya sulowa, ndipo mankhusu amangofuka m'malo moyaka. Akanyowanso, moto umayamba wawumitsa madzi aja usanatenthe boyila. Mumange shedi yapansi pa simenti. Muike kamakina kodyetsa moto pang'onopang'ono mosalekeza, ndipo mubowole njira ya mpweya wachiwiri pamwamba pa moto kuti utsi upserenso m'ng'anjo momwemo. Izi n'zotchipa kuposa sefa iliyonse pa zitatu zija, ndipo mukapanda kuzichita sefa yodulayo idzafa msanga.
Koma phulusa lokha silingathe ndi kusonkhezera bwino. Nkhuni zimasiya phulusa lochepa, kilogalamu 1 kapena 2 pa makilogalamu 100. Mankhusu a mpunga amasiya makilogalamu 15 mpaka 20, ndipo pafupifupi lonse ndi silika, chinthu chomwe chimapanga mchenga ndi galasi. Pa theka la tani pa ola ndiye kuti mukupanga matumba awiri a makilogalamu 50 a phulusa ola lililonse. Lina limatsala pansi, koma poti ndi lopepuka, lambiri limakwera ndi utsi. Boyila yanu inapangidwira nkhuni, n'chifukwa chake kale anthu sankadandaula.

A Phiri owotcherera:
Ine saikuloni ndikhoza kukupangirani pompano pa boma, ndinapangapo za m'zigayo zokolera madeya. Palibe chifukwa choitanitsa kunja.

A Gondwe:
Mukhoza ndithu a Phiri, koma mupange motsatira chojambula chowerengeredwa, osati poyerekeza ndi ya chigayo. Saikuloni imagwira ntchito ngati kamvuluvulu: utsi umalowa cham'mbali n'kuzungulira mwaliwiro, fumbi lolemera limaponyedwa kukhoma n'kutsetserekera pansi, utsi n'kukwera pakati. Liwiro polowera liyenera kukhala cha m'ma mita 15 mpaka 20 pa sekondi. Ikakula kwambiri utsi umangoyenda mwaulesi, fumbi n'kudutsa. N'chifukwa chake amaika timasaikuloni tambiri tating'ono m'bokosi limodzi, ndiyo multicyclone ija. Chachiwiri, silika amadya chitsulo ngati tupa. Chitsulo chopyapyala chidzabowoka polowera miyezi yochepa, ndiye pamenepo pafunika chokhuthala, kapena chigamba chomanga ndi mabawuti choti chikatha muzingosintha. Chachitatu chomwe ambiri amaphonya ndi kunsi kotulukira phulusa. Pakangolowa mpweya wakunja, ngakhale pakamng'alu, phulusa lomwe lagwa limakwezedwanso n'kutuluka pa chumuni ngati palibe chomwe mwaika. Ndinaonapo saikuloni yabwinobwino ikunyozedwa chaka chathunthu chifukwa cha diramu yapansi yomwe chivundikiro chake chinali chopindika.

Che Yusufu:
Ndiye multicyclone yokha ikhoza kuthetsa madandaulo?

A Gondwe:
Zogwera pa ufa ndi pa usipa zidzachepa kwambiri, chifukwa zimenezo ndi zikuluzikulu. Saikuloni imakola bwino fumbi la ma maikuloni 10 kupita m'mwamba. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma maikuloni 70, ndiye mukhoza kuona kuchepa kwake. Fumbi locheperapo limadutsa ndithu. Pa maboyila otere, multicyclone yabwino imasiyabe mamiligalamu 150 kapena kuposerapo pa kyubiki mita iliyonse ya utsi. Sefa ya matumba yoyenda bwino imatsitsa kufika pansi pa 20.

Sisi Tadala:
Pamenepa mpomwe ndimafuna kulowererapo, poti ndimagwira ntchito ya zaumoyo. Fumbi lomwe mayi aja anabweretsa pa lichero ndi lomwe limaoneka, koma lomwe limadwalitsa ndi losaonekalo. Lalikulu limathera m'mphuno ndi pakhosi, munthu n'kuyetsemula. Laling'ono kuposa ma maikuloni 2.5, lomwe amalitcha PM2.5, limalowa mpaka mkatikati mwa mapapo, lina n'kufika m'magazi. Mu 2021 bungwe la WHO linatsitsa malire ake kufika pa mamaikulogalamu 15 pa kyubiki mita patsiku, ndi 5 pachaka. Ana a mphumu ndi agogo okhala kumpoto kwa chumunicho akupuma kale utsi wa nkhuni m'khitchini ndi wa ng'anjo zowambira nsomba, ndiye uwu ukungowonjezera pabala. Chonde musaime pa saikuloni n'kuganiza kuti mwamaliza poti lichero layera.
Ndiponso Che Bwanali ndi anzanu ochotsa phulusa, valani zotchinga mphuno zenizeni za fumbi, osati kansalu. Phulusa la mankhusu likapsa pamoto waukulu, silika wina amasanduka wa mtundu womwe umaumitsa mapapo. Ndi nthenda yomwe ija madala ena anabwera nayo kuchokera ku migodi nthawi ya Wenela. Muziliwaza madzi musanalifosholere.

Che Bwanali:
Izi sindinkazidziwa achemwali. Timafosholera lowuma, ndipo pomaliza malovu amakhala otuwa.

Madalitso ku Joni:
Ankolo Yusufu, ine ndikugwira pa fakitale ina kuno ku Johannesburg yomwe ili ndi sefa ya matumba pa boyila ya utuchi. Ikamayenda bwino mumayang'ana pa chumuni osaona kanthu, kungoona mpweya ukunjenjemera ngati pamsewu wa tala mwezi wa Okutobala. Koma ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso anga. Usiku wina valavu yozungulira ya kunsi yotulutsira phulusa inakanirira, phulusa n'kuunjikana m'kati, ndipo munali timakala tamoto. Palibe anazindikira mpaka tinamva fungo ngati la pulasitiki wopsa. Titatsekula m'mawa, matumba a mzere wonse anali atatha, kwatsala mafelemu a waya okhaokha atapindika. Tinakhala masabata atatu kudikira matumba ena. Ulendo wina ndi Lolemba m'nyengo yozizira, wina anayatsa boyila n'kulowetsa utsi mu sefa ikadali yozizira. Nthunzi ya mu utsi inasanduka mame pa nsalu, fumbi ndi phula n'kumatirira ngati phala la dzulo. Fani inkakoka koma utsi osadutsa, mpaka unayamba kutulukira pakhomo la ng'anjo. Matumba amenewo sanachapike. Ndiye mukaigula, mbaliwali ndi chinyontho ndiwo adani ake.

A Gondwe:
Mphwanga wafotokoza bwino kuposa buku. Ndiye sefa ya matumba pa boyila ngati yanu siyenda yokha. Patsogolo pake pakhale saikuloni, yomwe imachotsa phulusa lambiri n'kuzimitsa mbaliwali. Pakhale njira yolambalala, bypass, yoti utsi uzidutsa poyatsa moto mpaka utatentha bwino, komanso ukatentha mopyola muyezo. Bokosi lonse likutidwe ndi zosunga kutentha kuti m'makona musachite mame. Utsi polowa usatsike pansi pa madigiri 120 kapena 130.
Nkhani ya nsalu musaitenge mopepuka. Polyester ndi yotchipa koma imathera cha m'ma 130 mpaka 150, ndiye pa 230 ya Che Bwanali ingawonongeke msanga. Aramid imafika cha m'ma 200. Ya ulusi wa galasi ndi ya PTFE zimapirira mpaka 250 kapena 260. Koma ine 230 imeneyo ikundiwawa, chifukwa ndi moto womwe mwaugula ukuthawira kumwamba. Muike mapaipi oti utsi uzitenthetsa madzi olowa mu boyila kapena mpweya wopita ku ng'anjo. Utsi utsika kufika 160 kapena 170, mankhusu muziwotcha ochepa, ndipo sefa ichepa kukula, poti utsi wotentha umafufuma. Pa madigiri 200 umatenga malo ochuluka ka 1.7 kuposa ukakhala pa 0. Ogulitsa ena amawerengera ngati utsi ndi wozizira, sefa n'kubwera yaing'ono. Mongoyerekeza, boyila yanu ikutulutsa makyubiki mita pafupifupi 7,000 pa ola pa kutentha kumeneko. Chiyerekezo chomwe timatsatira ndi choti sikweya mita imodzi ya nsalu isefe kyubiki mita imodzi pa mphindi, ndiye mukufunika nsalu yoposa masikweya mita 100. Wina akakuuzani kuti 50 ikwana, dziwani kuti matumbawo azitha msanga.

Che Yusufu:
Nanga magetsi? Mukudziwa mmene amazimira kuno. Chaka cha 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira tinkakhala maola ambirimbiri opanda magetsi.

Madalitso ku Joni:
Funso lenileni limenelo ankolo. Matumba amakutumulidwa ndi mpweya wa kompuresa, wa presha ya mabaa 5 kapena 6, womwe umawomba thumba lililonse mwa kamphindi, ndipo uyenera kukhala wouma, wopanda madzi kapena oyilo. Magetsi akazima fani yaima, kompuresa yaima, koma moto m'ng'anjo ukadali. Muuze wogulitsayo kuti chitseko cha bypass chikhale chotseguka chokha magetsi akathima, cha sipuling'i kapena cholemera, osati chodikira munthu athamange. Ndipo fani ndi kompuresa zikhale pa jenereta.

A Gondwe:
Kuwonjezera apo, fani yanu yapano siikwana. Saikuloni ndi matumba zonse zimatsekereza utsi, matumba okha amadya presha ya mapasikalo 1,000 mpaka 1,500. Fani yatsopano ndi mota yake ziwerengeredwe pamtengo womwewo, apo ayi mudzadabwa boyila ikulephera kukoka moto.

A Mbewe:
Koma inu bwanji mukuvutika ndi nsalu zopsa pomwe madzi tili nawo ochuluka? Shire ali pomwepo. Ikani yowaza madzi, mbaliwali izizimira momwemo, palibe kompuresa, palibe matumba ochokera kunja.

Abiti Mussa:
A Mbewe, madzi akudawo azipita kuti? Shire ameneyu akulowa mu nyanja ya Malombe, momwe kambuzi watsala pang'ono kale. Ife timachapa, kusamba ndi kutsuka nsomba m'menemo. Musachotse phulusa pa ufa wathu n'kulithira m'madzi athu.

A Mbewe:
Sindinanene zothira mu mtsinje amayi. Amakumba maiwe, phulusa limadikha pansi, madzi n'kubwereranso.

A Gondwe:
Nonse awiri muli ndi mfundo. Mafakitale ambiri a shuga amagwiritsa ntchito ya madzi chifukwa siopa moto ndipo siopa utsi wonyowa. Koma ili ndi zake. Maiwe amafuna malo ndi simenti, ndipo matope ake ayenera kuvuulidwa kawirikawiri, pa boyila iyi ndi matani sabata iliyonse. Mvula yamphamvu ikagwa amasefukira, ndipo malo a cha kwa Mpondasi ndi otsika. Madzi ozungulira aja amadya chitsulo, fani ndi chumuni zimachita dzimbiri. Pampu ndi timabowo towazira zimadyedwa ndi silika. Ndipo yowaza wamba siikola bwino fumbi laling'ono lomwe a Tadala akunena. Kuti itero pamafunika ya mtundu wa venturi, yopanikiza utsi ndi madzi pa khosi lopapatiza, yomwe imadya magetsi ambiri. Pafupi ndi mtsinje chonchi, ine sindingailimbikitse.

Che Yusufu:
Yatsala ESP. Mtengo wake wandiposera wa boyila yeniyeniyo, koma wogulitsa akuti ndiyo yapamwamba.

A Gondwe:
Sakunama. Nzeru yake ndi yakale, Frederick Cottrell anaipanga ku America mu 1907, ndipo mpaka lero mafakitale akuluakulu a simenti ndi a magetsi amaidalira. Utsi umadutsa pakati pa mawaya okhala ndi mavoti masauzande makumi angapo ndi mapuleti achitsulo. Fumbi limatenga mphamvu ya magetsi n'kukamamatira pa mapuleti, ngati tizidutswa ta pepala pa chipeso chomwe mwapesera tsitsi, kenako tinyundo timagogoda kuti ligwe. Siitsekereza utsi kwambiri, siipsa ngati nsalu, ndipo imakola fumbi laling'ono lomwe. Koma pa phulusa la mankhusu imavuta, chifukwa silika salola magetsi kudutsa bwino, ndiye imayenera kukhala yaikulu kuposa ya nkhuni. Timakala tosapsa natonso timagwira puleti n'kudumphanso. Moto ukafuka ngati mmene Che Bwanali anenera, mpweya woyaka umadzaza m'kati, ndipo kamphezi kamodzi kakhoza kuphulitsa, n'chifukwa chake imafuna geji yoizimitsa yokha. Thiransifoma yake ikafa, woikonza mumupeza kuti pakati pa Mangochi ndi Liwonde? Pa boyila ya matani 20 ndikanati ganizirani. Pa matani 2, ayi.

A Kalua:
Ndiwonjezere za malamulo bwana. Pansi pa lamulo la zachilengedwe la 2017 pali bungwe loteteza chilengedwe la MEPA, ndipo miyezo imachokera ku Malawi Bureau of Standards. Musanalipire kalikonse, pitani kwa a zachilengedwe ku khonsolo muwapemphe akulembereni malire omwe boyila yanu iyenera kukwaniritsa. Kenako wogulitsa alembe papepala kuti sefa yake itulutsa mamiligalamu angati, pa utsi wotentha bwanji, ndipo atchule kuti chowotcha ndi mankhusu a mpunga. Timabuku tawo tambiri timanena za malamulo a ku Ulaya a 2015, omwe amalola mamiligalamu 50 pa maboyila atsopano a megawati 1 mpaka 5, koma nthawi zambiri anayesera pa tizidutswa ta nkhuni touma. Gawo lomaliza la ndalama mulipire atayeza pa chumuni chanu.

Che Yusufu:
Ndamva, ndipo ndathokoza nonse. Ndalama zogulira zonse nthawi imodzi ndilibe. Ndiyamba mwezi uno ndi shedi, kamakina kodyetsa moto ndi mpweya wachiwiri. Multicyclone ilowe mwera usanayambe, ndipo a Phiri tikambirane mutaona chojambula cha a Gondwe. Pomanga ndisiyiratu malo a sefa ya matumba ndi bypass, fani ndigule yaikulu kale kuti ndisagule kawiri. Matumbawo abwere tikagulitsa mafuta a nyengo ino. Zotchinga mphuno ndikugula mawa.

Sisi Tadala:
Mutiuze mwezi wake wa matumbawo bambo, anthu aziwerengera. Nkhani zoti tidzaika zimakonda kuiwalika madandaulo akangochepa.

Che Yusufu:
Novembala, achemwali. Ndikanenanso chomwecho pamaso pa amfumu Loweruka. Nanga phulusa lomwe tizikola, lomwe lichuluke tsopano, ndizilitaya kuti?

A Gondwe:
Musalisiye pamulu pabwalo, mphepo idzalibweza kwa Abiti Mussa. Linyowetseni, lizizire, muike m'matumba. Loyera bwino oumba mabuloko amalisakaniza ndi simenti kapena laimu, poti silika wake amalimbitsa. Lakuda alimi a ndiwo zamasamba amathira m'mabedi a nazale. Mtundu wake uzikuuzaninso mmene moto ukuyakira: likamatuluka lakuda kwambiri ndiye kuti mukutaya mankhusu osapsa.

Abiti Mussa:
Ine kuyambira mawa ndiziika mbale yoyera yopaka mafuta pang'ono pakona ya thandala, m'mawa mpaka madzulo, n'kumajambula ndi foni. Ndizitumiza muno Lachisanu lililonse kuti tonse tiziona ngati zikusintha.

Che Bwanali:
Madala a Gondwe, mukabwera kudzayeza malo mundiphunzitsenso kudziwa kuti saikuloni yatsekeka ndisanaone utsi.

A Gondwe:
Konzani kapaipi kapulasitiki koonekera ka mamita awiri, thabwa ndi rula ya mwana wasukulu. Tikapinda ngati chilembo cha U, kuthiramo madzi, mbali ina kulumikiza polowera utsi, ina potulukira. Kusiyana kwa madziwo muzilemba m'kope m'mawa uliwonse. Ndinyamuka ku Monkey Bay Lachinayi ndi minibasi yoyamba, boyila muisiye yozizira kuti ndilowe m'ng'anjo.